Zidendene za Mphaka wa a Mulipa

A Andreya Mulipa anabadwira mu tiyi, anakulira mu tiyi, imvi zawapeza ali mu tiyi momwemo, koma mpaka chaka chathachi tiyi anali asanamuikepo pakamwa. Ine ndimakhala nawo khoma limodzi ku layini ya antchito, akayetsemula kwawoko ine kuno ndimati pepani. Ndiye izi sindikunena za m'maluwa ayi.

Agogo awo anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki atasenza mphasa ndi mphika, n'kulembedwa ntchito pa esiteti pano. Bambo awo anali odulira tiyi, mayi awo otchola. Iwowo akuti anabadwa mayi awo atangotula dengu pa sikelo, ndipo kalaliki anayamba walemba makilo kenako n'kuitana azamba. Kaya n'zoona kaya, amanena ndi eni ake. Mayi awowo anali a mpingo wina wopemphera Loweruka, woletsa mowa, fodya, nkhumba ndi tiyi. Mwana wawo anamulera ndi mawu amodzi: "Tsamba ili n'lotchola, si lakumwa." A Mulipa anabatizidwa ali mnyamata, analonjeza zomwezo ali m'madzi, ndipo anasunga. Anatchola tiyi mpaka zala zinauma ngati makaka, osadziwa kuti chimene akutcholacho chimakoma bwanji.

Anakwatira mayi Elizabeti a ku Khonjeni, a mpingo womwewo. Mwana Mulungu sanawapatse. Mayiwo atamwalira, abale a ku Khonjeni anawathokoza a Mulipa pa maliro, anawapatsa kathumba ka nandolo, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Munda unali wa kuchikazi monga mwa mwambo wathu, ndipo mkamwini mkazi akapita nayenso ulendo wakwana. Choncho mudzi alibe. Ukawafunsa kwawo amaloza chitseko cha ku layini. Ndipo nyumba za pa esiteti ndi za ntchito, ntchito ikatha kiyi umabweza.

Msana utayamba kuvuta, bwana anawachotsa m'munda n'kuwapatsa mgolo. Ntchito ya mgolo ili chonchi. M'mawa ife tikalowa m'mizere ya tiyi, wa mgolo amasonkha moto wa bulugama pansi pa shedi ya sikelo, amawiritsa madzi, amathiramo fumbi la tiyi la ku fakitale ndi shuga amene kampani imapereka. Dzuwa likakwera kapitawo amaimba wenzulo, tonse timatsika ndi makapu, ena zitini za majarini. Kapu imeneyo ndi imene imatifikitsa masana. Loweruka timaweruka msanga, tiyi sakhalapo, ndiye ntchitoyi inawayenera a Mulipa bwino lomwe.

Koma kuno kuli mwambo. Wophika chakumwa cha gulu amayamba ndiye kumwa, anthu akuona. Timati kuchotsa ufiti. Sikuti timakayikirana, koma chinthu chimene mwini wake wayamba walawa chimatsika bwino pakhosi.

Tsiku lawo loyamba tinafola ndi makapu athu, iwo anaima ndi chikho chotungira, tikungoyang'anana. Anayamba kulankhula ndi mayi Debora, amene amatchola makilo ambiri kuposa aliyense m'gulu lathu, koma pakamwa pawo pamathamanga kuposa manja.

"Achimwene, chotsani ufiti tizimwa."

"Achemwali, ine tiyi sindimwa. Mukudziwa."

"Ndiye amwe wa m'nyumba mwanu. Mwambo umalola."

"M'nyumba mwanga tilimo awiri," anatero a Mulipa, "ine ndi mphaka."

Kamphakako kanali pomwepo, kakulimbana ndi chingwe cha dengu. Anakatola ku nyumba yosungira feteleza tsiku lina akugwira ovataimu, n'kukatcha dzina lomwelo, Ovataimu. Kapitawo wathu, a Stewart, munthu amene nkhawa yake pa dziko lapansi ndi makilo basi, anayang'ana dzuwa, anayang'ana ife, n'kuti, "Ndiye amwe mphakayo, anthu abwerere ku ntchito." Ankanena zoseka. Koma mayi Debora anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu kuti inde, mphaka ndi wa m'nyumba. A Mulipa anathira tiyi m'kambale, anauzira kuti azizire. Ovataimu ananunkhiza, n'kutembenuka. Anadontheza timkaka tawo ta m'botolo, timene ankamwa ndi mbatata, basi kamphaka kananyambita mpaka kambale kuyera. Tinadikira. Kanadzinyambita dzanja, sikanafe. Tinamwa.

Mawa lake zinali chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka ana amene anabadwa chaka chimenecho anafika pomaliza pulayimale. Ovataimu anakhala wantchito ngati ife tomwe, kungoti iye sankanyowa ndi mame. Wenzulo ikalira ankayamba ndiye kufika, n'kukhala pa benchi pafupi ndi mgolo, mchira atazunguliza. Aganyu atsopano a nyengo ya mvula tinkawauza tsiku loyamba kuti kapu isakhudze mlomo mphaka asanamalize. Akachedwa, poti nthawi ina ankakhala ndi zibwenzi ku layini ya kumunsi, gulu lonse linkaima ndi makapu m'manja, tiyi n'kumazizira, a Stewart n'kumatukwana chamumtima. Kunabwera wachiwiri kwa manejala wina wochokera ku Mzimba, wa sukulu yake, anati zamanyazi izi, n'kumuthamangitsa mphakayo ndi chipewa. Tinakhala pansi tonse osamwa, osatchola. Pakutha pa mwezi bwanayo ankayamba wapereka moni kwa Ovataimu asanatipatse ife.

Ndipo tinamulemekeza ndi zakudya. Uyu kachitumbuwa, uyu kandasi, uyu mbatata yootcha, wina chinangwa chophika. Mphakayo ananenepa mpaka khosi linasowa. Mbewa sanagwirepo ngakhale imodzi. Ine ndi maso angawa ndinaona khoswe akudya m'mbale yake, iye atagona chagada akumuyang'ana ngati mlendo woitanidwa. A Mulipa ankadya naye, ankacheza naye, ankamuuza za ulaliki wa Loweruka. Munthu ukakhala wekha zaka zambiri, amene wakuyang'ana ukamalankhula ndiye m'bale wako.

Chaka chatha, nyengo ya chiperoni itangotha, Ovataimu anasintha kayendedwe. Mphaka wabwinobwino amaponda ndi zala zokha. Chidendene chake chili m'mwamba, paja anthu amayesa bondo lopindikira kumbuyo. Ovataimu anayamba kuponda ndi mwendo wonse, kuyambira zala mpaka chidendene, phwa phwa, miyendo yonse iwiri yakumbuyo, matako ali pafupi ndi dothi. Poyamba tinaseka. Anyamata ankati akuyenda ngati a Stewart atavala magambutsi a eni. Kenako pa benchi analephera kudumphapo, a Mulipa ankachita kumunyamula. Tsiku lonse ankakhala pa mpopi kumwa madzi otayikira. Kudya ankadya kuposa kale, koma msana unayamba kuoneka mafupa.

Aliyense anali ndi lake. Ena ankati anagwa mu mtengo, koma odziwa anawakumbutsa kuti Ovataimu chikwerereni mtengo ndi kale boma lisanasinthe kawiri. Ena ankati anapondedwa ndi kabaza. Ena nyamakazi, poti wakalamba. Mnyamata wina anamujambula pa foni n'kutumiza pa gulu la mpira, ndipo Lamulungu lotsatira anthu anabwera pa njinga zamoto kuchokera ku Thekerani kudzaona mphaka woyenda ngati munthu. Mlendo mmodzi, bambo wamkulu ndithu wovala tayi, anati uyu si mphaka, ndi munthu amene watopa kunamizira, akubwerera pang'onopang'ono kuyambira ku mapazi. Wina n'kuwonjezera kuti mwina ndi malemu Elizabeti. Ameneyo ndinamuthamangitsa ndi tsache, ndipo sindinapepese.

Koma amene anaphika nkhani yeniyeni ndi mayi Debora. Tsiku lina titafola pa mgolo, mphaka atamaliza kunyambita, iwo anaika chitini chawo pansi.

"Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero. "Mphakayu zaka zonsezi wamwa chiyani? Wamwa chimene ife timamwa. Iye amayamba, ife timatsatira. Ndiye izi zayamba ndi iye."

Wina anati nanga ife bwanji tili bwinobwino.

"Kathupi kake n'kakang'ono, zafulumira kufika ku mapazi. Ife zili m'njira. Panopa mwina zili m'mawondo."

Aliyense anagwira mawondo ake. Tandiuzani, ndi wotchola tiyi uti amene mawondo samuwawa? Timakwera mapiri ndi dengu kumsana chaka chonse. Koma tsiku limenelo kuwawako kunapeza mwini wake.

"Ndipo mkaka uja amathiriranji?" anapitiriza mayi Debora. "Mkaka si umene timamwetsa munthu akamwa poizoni? Mphaka amamuthirira mkaka, ife ayi. Ndiye ngati wa mkaka wafika apa, kuli bwanji ife?"

Anthu anayang'ana mapazi awo n'kupeza kuti zidendene zawo zikugunda pansi. Mayi wina anayamba kulira. Ndinati anthu inu, munabadwa choncho, chidendene cha munthu chimakhala pansi, koma ndani akanandimva. Anakhuthula makapu mu udzu. Kuyambira tsiku limenelo ena ankayenda monyang'ama m'mizere ya tiyi, madengu ali kumsana, kuti zidendene zisazolowere dothi. Akuluakulu a ndevu zawo, azimayi a zidzukulu, kuyenda ndi zala ngati mbala. Ankagwa, ankadzuka, ankanyang'amanso. Ine ndinkamwa ndekha makapu awiri mwadala, ndikuwayang'ana m'maso, koma mgolo wonse sindikanatha. Ine ankandinena kuti amake Kate adyetsedwa.

A Mulipa sanasiye kuphika. M'mawa uliwonse moto, madzi, fumbi, shuga, kenako masana kukataya mgolo wathunthu mu ngalande. Makilo anatsika, poti munthu wa njala woyenda ndi zala satchola kanthu. Lachisanu madzulo a Stewart anabwera ku layini, anakhala pakhonde pa a Mulipa chipewa chili m'manja. Ine ndinali kuseri ndikusenda chinangwa.

"Bambo Mulipa, bwana akuti mgolo umene anthu sakumwa n'kuwononga nkhuni. Lolemba anthu akapanda kumwa, akupumitsani. Zaka zanu zinakwana kale, mukudziwa, timangotsinzina."

"Nanga nyumba?"

A Stewart anayang'ana malata, anayang'ana chipewa chawo, n'kutsanzika. Atapita ndinamva a Mulipa akufunsa mphaka, motsitsa mawu, "Tipita kuti, iwe?" Chinangwa ndinachisiya pomwepo.

Ndine ndinawauza za adokotala a ng'ombe. Kumene alimi amagulitsa mkaka, kuseri kwa phiri, kuli mtsikana wa za ziweto dzina lake Mtisunge, wochokera ku Kasungu. Ng'ombe sizidziwa Lamulungu, ndiye amapezeka tsiku lililonse. Maganizo athu anali akuti akangonena kuti mphaka anagwa kapena anapondedwa, mgolo wayera. Tinamuika Ovataimu m'dengu lotcholera tiyi, a Mulipa anabereka kumsana, tinakwera kabaza mmodzi atatu ndi woyendetsa. Mphakayo analira njira yonse, woyendetsayo n'kumapemphera.

Tinafola pakati pa anthu a zitini za mkaka. Itakwana nthawi yathu Mtisunge anasuzumira m'dengu n'kuseka, koma atamuika pansi n'kumuona akuyenda, kuseka kunatha. Anagwada, anamugwira miyendo, anadina msana fupa ndi fupa, anamutsina zala.

"Agogo, zinthu zingapo zimagwetsa zidendene chonchi," anatero. "Mtsempha wa kuchidendene ukaduka, mwina atagwa kapena atakodwa mu waya, mwendo umatere. Koma kawirikawiri umakhala umodzi, ndipo uyu mitsempha yonse iwiri ndikuimva, ndi yolunga."

"Sangakhale kuti anagwa mosamala, miyendo yonse mofanana?" anafunsa a Mulipa.

"Ayi, agogo."

"Olo pang'ono?"

"Sanagwe. Msana nawo umatha kuchititsa, koma ndikudina sakudandaula. Nyamakazi ali nayo ndithu, wakula, koma nyamakazi imaumitsa mfundo, siikhazika chidendene pansi chonchi. Impso zikatopa, mchere wina umachepa m'magazi, thupi n'kulefuka. Zimenezo sindingakane popanda kuyeza magazi ku Blantyre. Koma tandiuzani, madzi amamwa bwanji?"

Tinamuuza za pa mpopi. Anafunsa za kukodza. A Mulipa anachita manyazi, kenako anati amakodza pafupipafupi, ndipo pamene wakodza pamadzaza nyerere. Mtisunge anatiuza kuti tidikire, anathamangira kunyumba imene amachita lendi, anabwera ndi kamakina koyezera shuga ka mayi eni nyumba. Anamubaya mphaka kukhutu, kadontho ka magazi, n'kuyang'ana.

"Mantha amakweza shuga kwa amphaka," anatero, "koma osafika apa. Kuphatikiza ludzu, nyerere ndi kuwonda uku, ine ndikuti ndi matenda a shuga. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha ya kumiyendo, mphaka n'kulephera kuimika zidendene. Amagwira amphaka okalamba, makamaka amene ananenepa kwambiri. Kodi amadya chiyani?"

"Zitumbuwa," anatero a Mulipa. "Mandasi. Mbatata. Ndi tiyi."

"Tiyi?"

"Ndi ntchito yake."

"Ntchito ya ndani?"

Tinamufotokozera zonse, kuyambira tsiku loyamba. Mtsikanayo anakhala pansi pa chitini cha mkaka cha eni, manja ali kumutu. Anati ku sukulu anaphunzira za ng'ombe, mbuzi, nkhuku, agalu, koma za mphaka wolembedwa ntchito sanaphunzire. Anati mankhwala enieni ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku wosunga mu firiji, ndipo ife tinangoyang'anana, poti ku layini kwathu magetsi timawaona pa mtengo akudutsa kupita kunyumba za mabwana.

"Ndiye chitani ichi," anatero. "Tiyi asiye lero. Tsamba lomwelo si la mphaka, kuli bwanji ndi shuga. Zitumbuwa, mbatata, zonse asiye. Azidya matemba, mazira, mbewa ngati angagwire. Mwina miyendo n'kudzukako, sindikulonjeza. Koma akapitiriza tiyi, agogo, mvula ikubwerayi saiona."

Pobwerera ndinawanong'oneza kuti achimwene, mawa mukangonena kuti adokotala akuti nyamakazi. Si bodza lonse, nyamakaziyo ali nayo. Anandiyang'ana ngati ndawapatsa nkhumba. A Mulipa bodza sadziwa, ndi vuto lawo lalikulu.

Lolemba wenzulo italira, gulu lonse linatsika monyang'ama, makapu atawasiya m'madengu. A Mulipa anavula chipewa, n'kufotokoza zonse mwadongosolo, za mtsempha, za msana, za impso. Pomaliza anati, "Adokotala akuti ndi shuga."

Mayi Debora anatembenuka kuyang'ana kumsewu kumene njinga yamoto ya manejala imadzera.

"Tsitsani mawu, achimwene."

"Ndikuti ndi shu..."

"Tamva." Awa anali a Stewart, thukuta lili kamukamu. "Bwana akamva kuti shuga wa mu mgolo wapundula mphaka, mawa lomwe achotsa shuga yense. Adzati akutiteteza. Adzaitanitsa ndi msonkhano womwe kuti tiwathokoze."

Mantha amene anagwa pa shedi paja sindinawaonepo. Ufiti anthu amauopa, inde, koma tiyi wopanda shuga ndi nkhani ina. Munthu wadzuka m'bandakucha, wanyowa mpaka m'chiuno, m'mimba mulibe kanthu, ndiye amupatse madzi owawa? Mayi Debora anatsokomola, anakonza mpango wawo.

"Ine mphakayu ndinamuona akugwa mu mtengo," anatero.

"Inenso," anatero bambo wina kumbuyo.

Posakhalitsa mboni zinachuluka kuposa mitengo. Uyu anati unali bulugama wa pa mlatho, uyu anati mango wa pa tchalitchi. Wina sanaone koma anamva phuu. Mayi uja analira poyamba anati mphakayo anangotsala pang'ono kumugwera pamutu. Mlendo wa tayi uja akanakhalapo bwenzi atalumbira kuti ndiye anagwira makwerero. Ndinaona zidendene zikutsika pansi, mmodzimmodzi, anthu akuusa moyo poti akatumba anali atatupa. Anathamangira ku madengu kukatenga makapu.

"Nkhani yatha," anatero mayi Debora, ndipo ankanena ndi mtima wabwino ndithu. "Achimwene, mutikhululukire, satana anatilowa. Thirani m'kambale, mphaka achotse ufiti, tizimwa monga kale."

A Mulipa sanasunthe. "Achemwali, adokotala akuti akamwanso tiyi afa."

"Adokotala ati? Mphakayu anagwa mu mtengo."

"Ndiye lero lokha imwani osachotsa ufiti."

Anthu anang'ung'udza. Patatha zonse zija, amwe chosalawidwa? Ine ndinati ndilawa ndine, ndakhala ndikumwa masiku onsewa, kodi ndafa? Mayi Debora anati amake Kate, inu si a m'nyumba mwawo, khoma si ukwati. Wina anati tipeze mphaka wina, koma anamuyankha kuti mphaka wa eni sachotsa ufiti wa mphika wa eni, ndipo mphaka wachilendo angamukhulupirire ndani. A Stewart anayang'ana wotchi.

"Bambo Mulipa, lero ndi Lolemba lija. Anthu akufuna kumwa. Kwatsala ndi inu."

Ovataimu anali atamva kulira kwa makapu. Anachoka pa mthunzi akukwekweza miyendo yake, phwa phwa, mpaka pa benchi. Anayesa kudumpha, analephera, anakhala pansi pomwepo n'kuyang'ana a Mulipa, akulira kulira kwake kwa nthawi ya ntchito. Sankadziwa kanthu, ankafuna tiyi wake. Kumunsi kwa phiri njinga ya manejala inamveka ikukwera.

A Mulipa anatenga kambale. Anatunga tiyi, anathiramo, anauzira monga amachitira zaka zonsezi. Ine ndinatseka maso, ndinati basi, amupatsa, ndipo sindikanawada, munthu wa zaka zimenezo ukagona kuti. Nditatsegula maso kambale kanali pakamwa pawo. Kapu analibe, akanakhala nayo ya chiyani. Anamwa m'kambale ka mphaka, ataimirira, pamaso pa gulu lonse, mpaka dontho lomaliza.

Anakhala kanthawi akumeza malovu, maso ali pa mizere ya tiyi imene yakuta phiri lonse.

"Ndiye ndi zimenezi?" anafunsa. Sankafunsa munthu. "Bambo anga msana unathyokera zimenezi?"

Ngakhale mayi Debora anayang'ana pansi. A Mulipa anapukuta pakamwa ndi dzanja, anatenga chikho, n'kuti, "Bweretsani makapu." Misozi inkatsika, iwo n'kumapendeketsa mutu kumbali kuti isagwere mu mgolo. Manejala atafika anapeza anthu akumwa mwakachetechete, anati zili bwino, n'kudutsa. Ovataimu ataona kuti kambale kauma, anawaluma a Mulipa pa kakolo.

Ntchito ilipo, nyumba ilipo. Tsiku lililonse wenzulo ikalira a Mulipa amamwa kambale kamodzi, nkhope ili gwa, kenako n'kutitungira. Mphaka amamutsekera m'nyumba nthawi imeneyo, ndipo mphakayo amatukwana layini yonse kumva. Akudya matemba ndi mazira monyinyirika. Mvula anaiona. Masiku ena chidendene chakumanzere chimadzukako pang'ono, masiku ena ayi, ndipo ku shedi tonse timanenabe kuti anagwa mu mtengo.

Ku mpingo palibe anawathamangitsa. Mkulu wa mpingo anabwera yekha kudzawauza kuti Mulungu amaona mtima, abwere. Anamuthokoza, anamuperekeza. Loweruka lililonse amasamba m'mawa, amavala jekete ndi nsapato zopolisha, amatenga buku la nyimbo, amatuluka, n'kukhala pakhonde. Tsiku lina nditaweruka ndinawapeza ali pomwepo, mphaka ali pamiyendo, nyimbo zikumveka kutsidya kwa dambo.

"Achimwene, simupita?"

"Pakamwa pakununkha tiyi, amake Kate," anatero. "Ndikaimba bwanji?"

Ndinakhala nawo pansi. Anamvetsera mpaka nyimbo yomaliza inatha, kenako anavula nsapato, n'kulowa kukaviika matemba a mphaka.